Halo Mbayani, Muli Moyo?

Kuseri kwa nyumba yathu ku Mbayani dziko linkatha tsiku lililonse. Linkatha chakum'mawa ana othawa sukulu atalowa, n'kuthanso masana, ndipo Loweruka linkangotha mpaka mwini vidiyo atatopa. Nyumba ya vidiyoyo inali chisakasa cha matabwa ndi makatoni, denga la pulasitiki wakuda wopanikiza ndi matayala, ndipo inagundana msana ndi khoma la chipinda chimene ndinkagona ndi amayi. Sipika yake anaipachika panja pa mtengo wa mapeyala kuti iziitana odutsa. Choncho ife a m'nyumba imeneyo tinkamva mabomba akuphulika tikutsuka mbale, ndi mainjini akulira tikupemphera.

Mawu amene ankatuluka pa sipikayo anali a achimwene anga. Ntchito yawo inali yotanthauzira mafilimu. Masiku amenewo kunalibe zogula filimu yoikidwa kale Chichewa. Wotanthauzira ankakhala pa mpando kutsogolo, pambali pa kanema, maiki ili m'manja, n'kumalankhula filimu ili mkati. Azungu akatsegula pakamwa, iwo ankatsitsa voliyumu n'kuwalankhulira. Chingerezi chawo chinali cha Fomu 2, ndipo azungu a m'mafilimu amenewo ankalankhulira m'mphuno, ndiye musandifunse ngati zimene ankanena zinali zomwezo. Ankangoyang'ana nkhope ya munthu n'kumupatsa mawu omuyenera. Wokwiya ankamulankhulitsa Chichewa cha pa siteji ya minibasi, wachikondi ankamulankhulitsa ngati mnyamata wa kwaya. Anthu ankachoka ku Chemusa ndi ku Chirimba wapansi, kudutsa mavidiyo ena panjira, kutsata pakamwa pa achimwene.

Amayi sankaiwerengera ngati ntchito. Iwo ankagulitsa tomato ndi anyezi mumsika, ndipo kwa iwo ntchito inali chinthu chimene munthu amabwerako manja atada. "Anzako akuphunzira kuwotcherera zitsulo," ankatero, "iwe uli pikitipikiti kulongolola mumdima. Udzakwatira ndi malovu?" M'chisakasamo sanapondemo phazi ngakhale tsiku limodzi. Koma khoma lathu linali lopyapyala, ndipo nthawi zina ndinkawapeza ataimitsa dzanja pa lichero la mpunga, khutu lili kukhoma. Akandiona ankayambiranso kusankha mpungawo mwaukali, ngati ndine ndawalakwira.

Ine ndinkalowamo. Mtsikana wolowa m'vidiyo ankatchuka msanga ku Mbayani, koma ine ndinali ndi chonamizira: ndinkapititsira achimwene madzi akumwa m'botolo, poti kukhosi kunkawauma. Ndikapereka botolo ndinkakhala pa njerwa pafupi ndi chitseko ngati ndikudikira kuti amalize kumwa, ndipo iwo ankamwa pang'onopang'ono dala mpaka filimu kutha. Mkatimo munkatentha, munkanunkha thukuta ndi chinangwa chokazinga. Dzuwa linkalowera m'timabowo ta makatoni, fumbi likuyandama m'timizere ta kuwalato, moti sunkadziwa kuti fumbi la m'kanema lathera pati ndipo lathu layambira pati.

Mafilimu ankabwera amitundumitundu, a karate, a asilikali, a asing'anga a ku Nigeria, koma anga anali atatu okha, otsatizana, a dziko litatha. Chimene chinalithetsa sanachionetse. Achimwene tsiku lina ankati ndi bomba, tsiku lina matenda, tsiku lina ankangoti anthu anamutopetsa Mulungu. Chimene chinatsala chinali mchenga, thambo lofiira ndi misewu yopita kopanda anthu. M'menemo munkayenda mwamuna mmodzi wamtali, wosalankhulalankhula, pa chilole chakale chokhomakhoma zigamba za malata. Dzina lake lachizungu palibe analigwira. Achimwene anamutcha Mjomba, ndipo Mbayani yense anamudziwa choncho.

Adani ake anali anthu ovala zipewa za owotcherera zitsulo, okhala pamene pali chitsime kapena thanki ya mafuta, osalola munthu kuyandikira. M'gawo loyamba anamuthamangitsa m'chipululu ndi njinga zamoto, iye atanyamula ana amasiye kumbuyo kwa lole. M'gawo lachiwiri anafika mumzinda wokwiririka ndi mchenga, nyumba zosanja zikungooneka mitu yokha, anthu akulowera pa mawindo a pamwamba ngati mbewa ku una. Lachitatu linali la sitima yoyenda pa nyanja youma. Nkhonya zinalimo, moto unalimo, magalimoto ankauluka n'kugwa chagada anthu onse akukuwa. Ana a m'dera mwathu anasiya kupanga magalimoto a waya osalala, aliyense ankafuna chilole cha zigamba. Azimayi a pa mzere wa madzi, amene ambiri anali asanaonepo Mjomba ndi maso, ankamutcha wogulitsa madzi pa kiyosiki kuti wa chipewa akachedwa kutsegula. Zonsezo ndinkazikonda, sindingabise. Koma chimene chinkandigwira mtima chinali pamene phokoso lonse latha, Mjomba waimitsa lole pakati pa chipululu, dzuwa likulowa, dziko lonse lili zii ngati m'tchalitchi Lolemba.

Pamenepo ankatulutsa kawailesi kolankhulirana, konga ka apolisi, kamene ankakasunga kokulunga m'nsanza. Gawo lililonse linkathera pomwepo. Ankakalumikiza ku batire la lole, n'kupotokola kabatani pang'onopang'ono, n'kunena mawu ochepa. Achimwene ankatsitsa mawu, anthu onse ali chete, n'kunena kuti, "Halo, halo Mbayani. Muli moyo?" Wailesi inkangolira shiii. Ankadikira mpaka wina kumbuyo atayamba kusuntha pa benchi. Kenako ankatsina mphuno n'kutulutsa timawu ta mzimayi wakutali: "Takumva. Bwera kunyumba." Anthu ankaimirira n'kuwomba m'manja, amuna akuluakulu a ndevu zawo, ena akupukuta m'maso n'kumanamizira utsi.

Kwa nthawi yaitali ndinkakhulupirira kuti mzimayiyo analimodi m'filimumo. Ndinadziwa zoona sabata imene achimwene anagona ndi malungo, mwini vidiyo n'kuonetsa gawo loyamba lopanda wotanthauzira. Mjomba anaitana m'chizungu chake, wailesi inalira shiii, mayina a opanga filimu n'kuyamba kukwera. Palibe anayankha. Ndinatuluka mtima ukuwawa ngati andibera, ndipo ndinakawapeza ali pamphasa akunjenjemera, osawamvera n'chisoni chomwe.

"Achimwene, ndinu abodza. Mzimayi uja mulibemo."

"Nanga iwe wakutuma ndani kukaonera ine kulibe?"

"Bwanji mumatinamiza?"

Anachotsa bulangete kumutu n'kundiyang'ana ndi maso ofiira. "Iwe, anthu aja akatuluka muja amakapeza mpopi wouma ndi magetsi othima. Ndiwatulutse munthu ataitana osayankhidwa? Azunguwo ndi amene anaiwala kumaliza. Ine ndimangowathandiza."

Tsiku lomwelo anandilumbiritsa, kunyambita chala n'kuloza kumwamba, kuti sindidzaoneranso Mjomba popanda iwo. Kunkamveka mphekesera kuti gawo lachinayi lidzatuluka. "Limenelo tidzaonera limodzi," anatero. "Ukadzaonera wekha usadzanditchulenso achimwene."

Lamlungu vidiyo inkayamba mochedwa, ndiye tinkakwera mtunda wopita ku Nyambadwe, kumayadi, kungoyenda. M'mwezi wa Okutobala Blantyre amakhala ngati akufuna kufanana ndi mafilimu aja. Phiri la Ndirande linkabisala mu utsi ndi fumbi, Soche ndi Michiru osaoneka n'komwe, dzuwa lili psuu loti ukhoza kuliyang'ana osaphethira. Maluwa a jakaranda ankagwera pa mipanda ya njerwa, agalu akuuwa mkati, ndipo penapake unkamva madzi akuthirira kapinga. Tinkaima pamene tawuni imaonekera pansi, achimwene n'kuyamba kuigawa. Mchenga udzafika apa, ankatero, nyumba yaitali iyo idzatsala mutu wokha, ife tidzakhala pa windo lapamwamba. A zipewa adzakhala kuno kumathanki. Mtsinje wa Mudi udzauma, tidzayendetsamo lole mpaka kukafika ku Shire. Amayi tidzawakweza kutsogolo ndi dengu lawo la tomato, adzakhala munthu wolemera kuposa onse padziko. Ndinkaseka mpaka misozi, koma ndikagona ndinkalota zomwezo, ndipo m'malotomo sindinkachita mantha. Kwa ife ana a ku Mbayani kutha kwa dziko sikunali koopsa kwenikweni. Kukhala opanda madzi tinkakudziwa kale, kupanga chinthu kuchokera ku zotayidwa tinkakudziwa, ndipo zinkaoneka kuti tsiku limenelo akatswiri tidzakhala ife.

Kenako matepi anatha ntchito. Kunabwera madisiki, pambuyo pake timamemore khadi, mafilimu n'kuyamba kufika oikidwa kale Chichewa ndi anthu a makompyuta. Mwini vidiyo anaona kuti munthu wa maiki safunikanso. Achimwene anayesa ukondakitala, anayesa kugulitsa mayunitsi, zonse osagwira. Tsiku lina anabwera ndi chikwama chatsopano n'kunena kuti apeza malo pa galimoto ya munthu wopititsa anthu ku Joni. Amayi sanalire pamaso pawo. Anangowakazingira nkhuku ya kamba wa paulendo, n'kuwauza kuti, "Ukakafika ukaimbe."

Chaka choyamba ankaimba. Anatumiza bulangete lolemera ndi foni ya amayi, yamabatani. Kenako mafoni anayamba kutalikirana, kenako nambala yawo inasiya kulowa. Tinafunsa aliyense wobwera kuchokera kumeneko. Wina ankati anawaona ku Cape Town akutsuka magalimoto, wina ankati ali m'ndende. Anthu a mumsika anayamba kunena mawu amene amayi ankadana nawo, akuti mwana wawo anatchona, walowerera kunja sadzabweranso. Amayi anamanga foni ija pa mfundo ya chitenje, ndipo sankalola kuti izime. Magetsi akathima ankayenda nayo mpaka kwa ometa tsitsi amene anali ndi sola. Mabatani anafufutika, maso awo anayamba kuchita ng'ala, foni ili pamfundo pomwepo. Ine ndinkaopa chinthu chimodzi, kuti adzatisiya asanamvenso mawu a mwana wawo.

Ndinakula, ndinakwatiwa, banja linandikanika, ndinabwerera kwa amayi. Ndinapeza ntchito ku Limbe m'sitolo ya nsalu ya banja lina la amwenye, yoyeza ndi kudula zitenje. Chisakasa cha vidiyo anachigwetsa, pamalopo pali golosale tsopano. Gawo lachinayi linatulukadi. Ndinaona chithunzi chake chitamatidwa pa kanyumba koikira nyimbo ndi mafilimu m'mafoni pafupi ndi siteji, Mjomba ali ndi imvi, ndipo ndinawoloka msewu. Anthu akayamba kulikamba mu minibasi ndinkaimba nyimbo chamumtima kuti ndisamve. Mzimayi wamkulu ndithu, kusunga lumbiro la pamphasa ya malungo! Ndinkadziseka ndekha. Koma mumtima ndinkaona kuti ndikaonera ndekha ndiye kuti ndavomera zimene a mumsika ankanena.

Adalaivala a pasitolo pathu anali bambo wachikulire wachisilamu, wa ndevu zoyera ndi mzuli kumutu, wofatsa ngati sangaphe ntchentche, koma mafilimu a nkhonya anali kumtima kwawo. Atadziwa za lumbiro langa anapeza choseweretsa. Ankabwera pakauntala n'kuyamba, "Chemwali, paja pomaliza penipeni Mjomba uja..." ine n'kuwaloza ndi sizasi. Ankachoka akuseka, mapeto osanena.

Ndiye kunabwera nyengo ina ya kusowa kwa mafuta. Mizere ya magalimoto inkayambira pa malo omwetsera mafuta n'kukhota ndi msewu mpaka osaona kumene yathera. Adalaivala anakagwira mzere ku Kanjedza ndi vani ya pasitolo m'mamawa, ndipo pofika masana abwana anandituma kuti ndiwapititsire chakudya. Minibasi zinali zosowa, ndinayenda wapansi. Unali Okutobala ngati uja, wotentha, kamphepo kakuulutsa majumbo. Msewu waukulu unali chete mwachilendo. Anthu anagona pansi pa magalimoto awo, ena anakhalira zigubu, a njinga zamoto akukankha njinga zawo osalankhulana, mitengo ya m'nkhalango ya Kanjedza ili chiimire mu utsi. Ndinkayenda ngati ndili m'tulo. Mumtima ndinati, achimwene, dziko lanu lija lafika, nanga inu muli kuti?

Adalaivala ndinawapeza atatsegula zitseko zonse za vani, foni ataitsamiritsa pa chiwongolero. Atandiona anathamangira kuizimitsa. "Pepani chemwali, ndi gawo lanu lija. Alitanthauziranso mwatsopano, kutanthauzira koyamba kuja kunali kozizira." Koma chala chawo chinachedwa, mawu anali atatuluka kale. Munthu wa m'fonimo anati, "Mjomba wakalamba, abale anga, koma njala sikalamba." Kontena ya chakudya inandipulumuka m'manja. Mawuwo anali okhuthala kusiyana ndi kale, ndipo penapake mpweya unkathawa ngati dzino lakutsogolo linachoka. Koma ine ndinakulira kuseri kwa khoma la mawu amenewo.

"Musazimitse. Yambitsani poyambirira."

"Nanga lumbiro lanu?"

"Ndinalumbira kuti ndidzaonera nawo limodzi. Ndi awa akulankhulawa."

Tinaonera mu vani momwemo, mzere osasuntha, nyerere zikudya mpunga wa adalaivala pansi. M'gawo limeneli lole inafa. Mjomba anachotsa batire, analiika pa wilibala pamodzi ndi kawailesi kake, n'kumakankha kudutsa dziko lonse. A zipewa ankamutsata, nawonso atakalamba, njinga zawo zopanda mafuta, moti nkhondo yake inali yothamangitsana wapansi, yoseketsa ndi yomvetsa chisoni pamodzi. Pena anagona mkati mwa ndege yakugwa, mchenga ukulowera pa mawindo pang'onopang'ono ngati ufa pa sefa. Ndi gawo lokongola kuposa onse, ndikunena ine amene ndinalionera pa kagalasi kong'aluka, misozi ikutchinga.

Otanthauzira a masiku ano ali ndi chizolowezi chawo. Pamene m'filimu mulibe zolankhula, amapereka moni kwa anzawo ndi kuitanira malonda. Mjomba akukankha wilibala, achimwene anayamba: moni kwa oitanira a pa siteji ya Limbe, moni kwa amayi ogulitsa chimanga chootcha pa Chichiri, pepani nonse amene mukugona pa mizere ya mafuta, ofuna mafilimu atsopano atipeze ku Kanjedza, kuseri kwa malo owotcherera mageti. Munthu amene tinkamufunafuna ku Cape Town anali kuseri kwa mageti, pamtunda woti ndikanakuwa kuchokera m'vanimo akanamva. Anapereka moni ku Ndirande, ku Bangwe, ku Zingwangwa, ku Chilomoni, mpaka ku Lunzu. Mbayani osaitchula.

Anaitchula pomaliza. Mjomba anafika pamwamba pa phiri, batire litatsala pang'ono kutha, n'kupotokola kabatani. "Halo, halo Mbayani. Muli moyo?" Wailesi inati shiii. Ndinadikira timawu ta mzimayi tija, ndinadikira mpaka mayina anayamba kukwera. Sanatsine mphuno. Anamusiya Mjomba ataitana osayankhidwa, monga mmene azungu anamusiyira.

Ndinatsika m'vani kuti ndipite pompo ndikawang'ambe ndi mawu. Adalaivala anandiitana. "Chemwali, dikirani. Munthu wobisala ukamudzidzimutsa amathawiranso kutali. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kodi mawu amenewa mukuwasowa ndinu nokha?" Anachotsa kamemore khadi m'foni mwawo n'kundipatsa.

Nditafika kunyumba dzuwa lisanalowe ndinakhazika amayi pakhonde, ndinaika foni yanga m'kapu yachitsulo kuti mawu akule, osawauza kanthu. Atamva chiganizo choyamba anagwira pa mfundo ya chitenje, ngati yalira ndi foni yawo. Kanema sanayang'ane, ndipo ngakhale akanayang'ana sakanaona. Anamvetsera filimu yonse mutu atapendeketsa, monga ankachitira kukhoma kuja.

"Wachepa thupi," anatero filimu ili pakati. Patapita nthawi anatinso, "Chifuwa ichi n'cha fodya. Sankasuta ameneyu."

Pomaliza wailesi italira, anadikira monga ndinadikirira ine. Nkhuku za aneba zinali zikulowa m'khola.

"Wasiya kudziyankha," anatero.

Apo m'pamene ndinadziwa kuti zaka zonsezo iwo ankadziwa kuti mzimayi wa pa wailesi anali mwana wawo yemwe. Ndinayamba kuwauza za Kanjedza ndi mageti mwaukali, koma anandidula. "Ndamva, makutu ndili nawo. Mawa undiperekeze. Unditulutsire chitenje chija cha ku tchalitchi."

M'mawa mwake tinavutika kupeza minibasi, tinapanikizana ndi anthu mpaka ku Kanjedza. Malo owotcherera mageti sanavute kupeza. Kuseri kwake kunali kanyumba ka zipinda ziwiri, chakutsogolo chogulitsiramo, mzimayi wina wonenepa atakhala pa kompyuta. Ameneyo ndiye anali mwini malo. Titafunsa za wotanthauzira analoza chitseko chamkati chokhomedwa matireyi a mazira otchinga phokoso.

"Ali mkati akujambula mawu. Musagogode, amayi, akayamba saima, ndipo pano sitibwereza, magetsi ake ndi omwewa. Anthu akonda gawo lachinayi, ndiye akufuna atatu akale aja m'mawu omwewo. Lero ndi loyamba."

"Akhala nanu nthawi yaitali?" ndinafunsa.

"Dzinja likubwerali likhala lachiwiri. Amagona momwemo. Amati kwawo n'kutali."

Kutali! Ndinayamba kulunjika kuchitseko kuja, osalabadira zimene mwini malo ananena. Amayi anandikoka chitenje, anapapasa kireti ya mabotolo imene inali pakona n'kukhalapo. "Khala pansi," anatero. "Munthu ali pa ntchito."

Aka kanali koyamba kuwamva akuitchula kuti ntchito. Ndinakhala pansi pa simenti. Mawu a achimwene ankadutsa pachitseko pang'onopang'ono, pamodzi ndi kulira kwa njinga zamoto. Ndinatsinzina, ndipo ndinali pa njerwa ija kachiwiri, botolo la madzi lili m'manja, fumbi likuyandama. Panja ankawotcherera geti, ndipo nditatsegula maso mwamuna wa chipewa chachitsulo anadutsa pawindo, ndinatsala pang'ono kukuwa. Amayi ankanong'ona okha, kutsogolera filimu imene sanaionepo. "Apa njinga zigwera m'dzenje," ankatero, ndipo njinga zinkagweradi. "Apa kamwana kaja kamupatsa madzi." Mwini malo anasiya kompyuta yake n'kumawayang'ana.

Injini ya lole itazima, amayi anaimirira, anakonza duku, n'kupapasa khoma mpaka anafika pachitseko. Mwini malo anatsegula pakamwa kuti awaletse. Ndinamuyang'ana ndi diso limene ndimayang'anira makasitomala ofuna kuzembetsa nsalu, ndipo anatseka.

"Halo, halo Mbayani," mawu anatero mkatimo. "Muli moyo?"

Wailesi inalira shiii. Amayi sanatsine mphuno, sanasinthe mawu. Analankhula ndi mawu awo a mumsika, amene ankamveka kuchokera pa tomato mpaka pa nsomba.

"Takumva. Bwera kunyumba."

Mkatimo mpando unagwa.

Zimene zinatsatira sindizifotokoza zonse. Anatuluka munthu wowonda, wa imvi za patalipatali, dzino lakutsogolo palibe, n'kugwada pa simenti atagwira mapazi a amayi. Anatiuza pambuyo pake kuti ku Joni anawagwira alibe mapepala, anawasunga kwa nthawi, n'kuwabweza ndi zovala za m'thupi zokha. Atatsika pa depoti anayenda mpaka pa njira yolowera ku Mbayani, n'kubwerera pomwepo. Munthu wochokera ku Joni amayembekezeka kutsika ndi katundu, mafiriji ndi njinga, ndipo iwo analibe ngakhale paketi ya shuga. Anati adikire apeze kaye kenakake. Kenakakeko sikanapezeke, manyazi n'kumakula tsiku ndi tsiku. Ankandiona ndikudula nsalu iwo ali tsidya lina la msewu ku Limbe. Zimenezo ndinawakalipira nazo mpaka mvula inagwa, ndipo mpaka lero ndikazikumbukira ndimayambiranso. Amayi sanakalipe. Anangowapapasa kumaso n'kunena kuti kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Kenako anamasula mfundo ya chitenje n'kundipatsa foni ija kuti ndiisunge, akuti yawalemera.

Mwini malo uja ananena zoona, sabwereza. Gawo loyambalo linatuluka momwemo, ndipo linafalikira m'mafoni ndi m'mavidiyo a Blantyre yense. Anthu amaganiza kuti ndi luso la wotanthauzira, amafunsa kuti gogo wodziwa kusewera chonchi anamupeza kuti. Amayi anakhala ndi mwana wawo panyumba, akumukalipira za fodya, mpaka anatisiya iye ali pambali pawo.

Mwezi wathawu ndikudutsa pa ometa tsitsi ku Mbayani ndinamva injini ya lole ikuzima pa sipika, ndipo ndinaima pamsewu ndi jumbo yanga ya ndiwo. Achimwene anaitana, wailesi inalira, amayi anayankha, mpando unagwa. Pambuyo pake pamamveka chitseko chikutseguka ndi mwamuna wamkulu akulira, mayina a azungu akukwera. Wometayo anaimitsa makina ake mpaka zonse zitatha, ndipo kasitomala amene anali pampando, mutu wometedwa theka, sanadandaule.